Khomo la Twaibu

Anabwera nayo ataikulunga m'chitenje ngati mwana wa malungo,
laputopu yakuda, ngodya imodzi yomata ndi selotepi.
Asiyatu wa ku Kalimanjira, uja amagulitsa mpunga pa depoti.
"Kale ikayaka inkayamba yandifunsa
kuti ndilowera khomo liti, lam'mwamba kapena lam'munsi.
Kuyambira Lachiwiri yasiya kufunsa."

Nthendayi ndimaidziwa.
Windozi ikadzikonza yokha usiku
imakhala ngati landilodi wopenta mpanda,
amafuta ndi dzina la mnzake wa chipinda chakuseri
ngakhale lendi analipira.

Ndinati, mayi, nanga Windoziyo sikukwanirani?
Mabuku a ngongole za mpunga si awa, onse alipo.
Linakisi mukaitani nayo?
Anayang'ana mawaya anga opiringizana pa msomali.
"Kumeneko n'kwa Twaibu, mlongo wanga.
Anaika yekha asanakwere basi ya ku Joni.
Mvula yagwa katatu. Foni yake amayankha ndi mzimayi wa kampani."

Ndinazimitsa, kuyatsa, chala pa F2 ngati nkhuku yojompha chimanga.
Ndachedwa. Kuzimitsanso.
Kachinayi Bayosi inatseguka, yobiriwira, yosaseka ndi munthu.
Pa mndandanda panali dzina limodzi lokha.

Magetsi anasankha nthawi yomweyo n'kuthima.
Batire la makinawa silipirira kuposa kapu ya tiyi,
ndiye tinanyamukira kwa Malizani ometa,
kupempha soketi ya sola pakati pa tsitsi la anthu,
ine nditakhala pa kireti, fulashi yanga kukamwa.

Nditalowera pa fulashi, disiki inayalika ngati dimba la ku Bua:
ndime yaikulu ya Windozi, kamzere kopyapyala ka malire,
kenako kandime kena kopanda dzina, kodzaza.
Makina anafunsa mwaulemu ngati ndikufuna kukalima mwatsopano.
Dzanja langa lazolowera kuvomera.
Ndinalibweza n'kulikhalira.

Ndinalemba malamulo aja ndinakopera m'kope la sitandade eyiti,
chilembo ndi chilembo, thukuta likudontha pa batani.
Inakana.
Ndinalembanso. Inakananso, ndi chizungu chachitali.
A Malizani, lumo m'manja, anati mwina yalodzedwa.
Ayi ndithu, wolodza ndinali ine:
ndinaika 1 pomwe pamafunika 2,
ndimagogoda pa khomo la eni ena.

Itayakanso kunabwera mdima, kenako mizere yoyera iwiri,
wina pamwamba pa mnzake,
ndi timasekondi tikuwerengera chotsika, teni, naini, eyiti.
Asiyatu anatambasula chala, chonunkhira madeya,
n'kutsitsa yekha.

Inafunsa mawu achinsinsi.
Apa ntchito yanga yathera, ndinatero, kiyi ndilibe.
Anayesa dzina la mayi awo. Ayi.
Dzina la mudzi. Ayi.
Anakhala duu, makina ometera akulira kumbuyo kwathu,
kenako anaseka kamodzi, kuseka kwa m'mphuno,
n'kulemba dzina lomwe ankamunyoza nalo ali ana.
Sanandiuze. Sindinafunse.

Munalibe zambiri:
chithunzi cha mbuzi yothyoka nyanga,
kalata yofunsira ntchito yolekezera pakati pa chiganizo,
ndi wotchi pakona ikuti 5 koloko
pomwe mwazini anali asanaitane ya Aswiri,
dzuwa likadali pa 3.

Ndinamufotokozera kuti awiriwa sagwirizana pa nthawi,
wina amawerenga ya kuno, wina amawonjezapo maola awiri,
ndi mzere umodzi wokha ndikonza pompano, ulere.

Anagwira dzanja langa.
"Musiyeni. Ndi wa phuma chibadwire.
Anabadwira m'ngolo tisanafike ku chipatala."

Anandilipira faifi sauzande ndi mbale ziwiri za faya.
Akukulunga chitenje anandifunsa
ngati khomolo lingadzasowenso.
Ndinati lingathe, landilodi uja sasiya kupenta.
Anati, "Ndidzabweranso,"
n'kuitana kabaza.